Henry Meebelo ndi Maganizo a Anthu a ku Migodi

Pa 3 April 1940 asilikali anaombera mfuti pa khamu la anthu a nchito pa mgodi wa Nkana, ku Kitwe, ndipo anthu 17 anafa. Zaka zisanu m'mbuyo mwace, pa sitalaka ya 1935, anthu 6 anaphedwa ku Luanshya. Akuluakulu amene Boma linawatuma kukafufuza za 1935 anabvomera kuti kukwera kwa msonkho ndiko kunayatsa moto, koma anatinso maphunzitso a Citawala ndiwo anayamba kusokoneza mitu ya anthu, monga ngati munthu wokumba mkuwa sangadziwe yekha kuti malipiro ace ngocepa.

Henry Meebelo, mwana wa dziko la Zambia ndi katswiri wa mbiri yakale, analemba mabuku otsutsa maganizo otere. Buku lace loyamba, Reaction to Colonialism, linasindikizidwa mu 1971, ndipo lifotokoza za cigawo ca kumpoto, kwao kwa Abemba ambiri amene anadza ku migodi, kuyambira 1893 kufikira 1939. M'menemo muli Donald Siwale ndi David Kaunda ndi bungwe lao la ku Mwenzo, mulinso Hanoc Sindano, mlaliki wa Citawala. Anthu ameneŵa sanasiye mabuku a nzeru za ndale. Tsono Meebelo anafunafuna maganizo ao m'madandaulo amene anapereka ku Boma, m'milandu ndi m'makalata a Azungu olamulira, naonetsa kuti sanalandire ulamuliro wacilendo manja ali m'khosi. Nchito yotere njobvuta, pakuti mau a woimbidwa mlandu amene analembedwa ndi womuimba mlanduyo afunika kupetedwa bwino, monga mayi apeta mphale.

Mu 1986 anaturutsa African Proletarians and Colonial Capitalism, mbiri ya mabungwe a anthu a nchito kufikira 1964, caka ca ufulu. Umo ndimo muli masitalaka aja, ndi bungwe la anthu a m'migodi limene linakhazikitsidwa mu 1949, Lawrence Katilungu ali mtsogoleri wace.

Pakati pa mabuku aŵiriŵa pali lina la 1973, Main Currents of Zambian Humanist Thought, lolongosola ciphunzitso ca Humanism ca Kenneth Kaunda, mwana wa David Kaunda uja. Apa mpamene pali cokaikitsa. Meebelo anali munthu wa cipani ca UNIP, ndipo nkobvuta kuyesa maganizo a mfumu uli m'bwalo lace lomwe. Bukuli liŵerengeka koposa ngati mboni ya zimene cipani cinafuna kuti anthu akhulupirire.

Patapita zaka zisanu citurukire buku la anthu a nchito lija, mu October 1991, UNIP inagonja pa masankho. Woigonjetsa anali Frederick Chiluba, mtsogoleri wa mabungwe a anthu a nchito, amene anatumikira zaka zambiri pa kampani ina ku Ndola.