Cifukwa Ciani Timaombera M'manja Cigawenga?

Mu 1948, apolisi a ku Jamaica anawombera ndi kupha Vincent Martin, cigawenga codziwika ndi dzina lakuti Rhyging. Iye anali atathawa m'ndende ndi kupha anthu, koma amphawi ambiri a mu Kingston anamuona ngati ngwazi. Patapita zaka 24, Perry Henzell anatenga nkhaniyi n'kupanga filimu ya The Harder They Come, ndipo woimba Jimmy Cliff anasewera mbali ya Ivan.

Itatuluka mu 1972, anthu anapanikizana pa Carib Theatre. Anali atazolowera mfuti ndi kuthamangitsana m'mafilimu a ku America. Cacilendo cinali kuona makomboni ao pa kanema, kumva cilankhulo cao ndi nyimbo za reggae. Ivan acoka kumudzi, asowa nchito m'tauni, ajambula nyimbo n'kulipidwa madola 20 cabe, kenaka ayamba kugulitsa camba ndi kupha apolisi. Aliyense amene anadyeredwapo masuku pamutu amamva kukoma poona mnyamatayu akubwezera.

Koma Henzell anachera msampha. Ca kumayambiriro, Ivan apita kukaonerera Django, ndipo wina anena kuti ngwazi siifa filimu isanathe. Pamapeto, Ivan ayima yekha ndi mfuti pagombe, akudziona ngati Django, m'maganizo mwake khamu likukuwa. Zipolopolo zimugwetsa pomwepo, filimu n'kutha.

Sangalalani nayo, acinyamata, ndi yokoma ndithu. Koma onetsetsani amene akugwa pamcenga pamene ife owonerera tikunyamuka kupita kunyumba.