Dzina la Amaravi pa Mapu a Azungu

Pamene Abraham Ortelius anasindikiza buku lake la mapu a dziko lonse ku Antwerp m'chaka cha 1570, pakati pa Afirika anajambulapo nyanja zazikulu zimene iye sanazione, natulutsamo mtsinje wa Nile potsata ganizo lakale la Ptolemy. Chakumpoto anaikako ufumu wa Prester John, mfumu yachikhristu imene Azungu ankayembekeza kuti idzawathandiza pankhondo. Phiri la Mulanje, limene ife timaliona dzuwa likangotuluka, panalibe. Pamene nzeru zinathera, wojambulayo anadzaza pepala ndi zolakalaka za mtima wake.

Zoona zinafika pang'onopang'ono, ndipo zinadzera pakamwa pa makolo athu. M'chaka cha 1616 Mpwitikizi Gaspar Bocarro anachoka ku Tete, nalandiridwa ndi mfumu Muzura, nawoloka Shire, nayenda mpaka ku Kilwa motsogozedwa ndi eni dziko. M'chaka cha 1624 Bambo Luís Mariano, wansembe wa chipani cha Ayezuiti, analemba kalata yofotokoza za nyanja yaikulu ya Amaravi monga anamvera. Koma naonso maso awo anali kwina: nyanjayo ankaiona ngati njira yofikira kwa Akhristu a ku Ethiopia, pamene anthu okhala m'mbali mwake anali ongolambalalidwa. Ife ansembe tisaiwerenge mothamanga mfundo imeneyi.

Amene ayenera ulemu ndi d'Anville wa ku France. Pa mapu ake a 1749 anafafaniza zopeka zambiri, nasiya poyera pamene sankadziwa, koma nyanja ya Maravi anaisunga. Motero Livingstone, pofika kunyanjako mu 1859, anapeza madzi amene dzina lake linali kale pa mapepala a ku Ulaya.

Mapu akalewo analakwa, komabe sanasamutse munthu. Oopsa anadza pambuyo. Mu 1886 Apwitikizi anapaka utoto umodzi dziko lonse kuchokera ku Angola mpaka ku Mozambique; Angerezi anakana, ndipo pangano la 1891 linasandutsa Ruo, mtsinje wochokera pa phiri lathu lomweli, kukhala malire. Kuyambira pamenepo Amang'anja a tsidya lino ndi a tsidya lija anakhala a maboma awiri, ndipo Alomwe ambiri othawa nkhanza za Apwitikizi anawoloka mzere umenewo, nagwa m'thangata la m'minda ya azungu kuno ku Mulanje.