Mmene Fakitale Inalowera mu Kompyuta

Ana inu, taganizani za fakitale yosungunula citsulo. Eni ace afuna kudziwa ngati ng'anjo yatsopano ingafulumize nchito, koma kuimanga pofuna kungoyesa kungadye ndalama zambiri. Mu 1958, Keith Tocher, katswiri wa masamu pa kampani ya United Steel ku England, anakonza pulogalamu ya kompyuta yoyerekeza nchito ya m'fakitale, kuti ayambe ayesera m'menemo asanagule njerwa ngakhale imodzi.

Mu 1961, Geoffrey Gordon wa ku IBM anatulutsa pulogalamu ina, GPSS. Iyi inakomera ophunzira. Injiniya wosadziwa zambiri za kompyuta anali kujambula mabokosi olumikizidwa ndi mizere, bokosi lililonse likuimira cocitika cimodzi, monga katundu kudikira pamzere kapena kulowa m'makina. Motero kuphunzitsa mainjiniya kunakhala kosabvuta, ndipo GPSS inaphunzitsidwa m'mayunivesiti ambiri.