Kodi ndi kompyuta imene inapha nkhondo za pa tebulo?

Okonda masewera a nkhondo a pa kompyuta amakonda kunena kuti makinawa atangofika, masewera oseweredwa pa mapu a pepala, okhala ndi madayisi ndi tizidutswa ta katoni, anafa imfa yosadzukanso. Zaka zake zikaikidwa mu ndondomeko, mawuwa amayamba kukayikitsa.

Gwero la masewerawa ndi ku Prussia. Mu 1824, msilikali wina, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu a gulu lankhondo Kriegsspiel, masewera amene bambo ake anayamba. Magulu awiri ankalamula asilikali pa mapu, woyimbira ali pakati. Prussia itagonjetsa France mu 1871, mayiko ena anatengera. Anthu wamba analowerera pambuyo pake: H.G. Wells anasindikiza malamulo ake, Little Wars, mu 1913, ndipo ku America Charles S. Roberts anatulutsa Tactics mu 1954 n'kukhazikitsa kampani ya Avalon Hill mu 1958.

M'zaka za m'ma 1970, opanga masewera anayamba kulosera nkhondo zimene zinali zisanamenyedwe, makamaka ya NATO ndi Soviet Union pa nthaka ya Germany. Ine ndikuona kuti matenda analowa nthawi imeneyi, kompyuta zisanafale m'makomo. Pofuna kuti chilichonse chifanane ndi nkhondo yeniyeni, mabuku a malamulo ananenepa, mapu anasefukira pa tebulo. Masewera ena a mu 1979, onena za nkhondo ya m'chipululu cha kumpoto kwa Africa, akuti ankafuna maola 1,500 kuti athe, ndipo ankawerengera ngakhale madzi ophikira chakudya cha asilikali a Italy. Munthu wa pa ntchito, wa banja, nthawi yotere akanaitenga kuti? Pa kompyuta, Computer Bismarck inatuluka mu 1980 ndipo Eastern Front ya Chris Crawford mu 1981, koma zinapeza wodwala atagona kale.

Chitsanzo chosiyanitsa bwino njira ziwirizi, ya pa tebulo ndi ya pa kompyuta, ndi Harpoon, masewera a nkhondo ya pa nyanja amene Larry Bond anatulutsa mu 1981 kuti aziseweredwa pa tebulo. Mlembi Tom Clancy anawagwiritsa ntchito polemba buku lake, The Hunt for Red October. Mu 1989 analowa pa kompyuta, ndipo anakhalamo bwino, chifukwa kuwerengera liwiro la mizinga, mafuta a ndege ndi mtunda umene radar ikuona ndi ntchito yotopetsa munthu. Kompyuta imathanso kubisa mdani popanda woyimbira, ndipo sifunika kudikira mnzako aweruke ku ntchito.

Koma pa 2 August 1990, Iraq italowa mu Kuwait, zinachitika zina. Akuluakulu ena a ku Pentagon, likulu la asilikali a America, ankafuna kudziwa msanga kumene nkhondoyo ingalowere. Makina awo akuluakulu oyerekezera nkhondo analipo, koma ankafuna nthawi yaitali kuti awathire manambala atsopano. Anaitana munthu amene mu 1983 anakonza masewera a pa tebulo onena za nkhondo ya m'dera la Gulf, ogulitsidwa m'sitolo kwa aliyense. Tsiku lomwelo mapu anayalidwa, tizidutswa ta katoni tinasinthidwa kuti tigwirizane ndi asilikali amene analidi kumeneko, masewera n'kuyamba.

Chimene chinathandiza pamenepo si kulosera molondola kuposa makina ayi. Pa tebulo malamulo onse ali poyera, ngati pa bawo pamene aliyense amaona njombwa zonse ndipo wotakata molakwa amagwidwa pomwepo. Msilikali akaona kuti akasinja akuyenda mtunda wosatheka mu mchenga, amatsutsa, lamulo n'kusinthidwa ndi pensulo. Pa kompyuta maganizo a wopanga amabisala mkati mwa pulogalamu, ndipo wosewera amangolandira zotsatira.

Avalon Hill inagulidwa ndi kampani ya Hasbro mu 1998, ambiri n'kumati maliro ndi amenewo. Chonsecho kampani ya GMT Games, yokhazikitsidwa mu 1990 ku California, inali ikukula, ndipo opanga atsopano anachepetsa malamulo n'kubweretsa makadi onyamula zochitika za ndale. Woyamba kumene ayambire pa Twilight Struggle ya mu 2005, ya anthu awiri, yonena za mkangano wa America ndi Soviet Union kuyambira 1945 mpaka 1989. Imatha madzulo amodzi. Mukakhala anayi, yesani Andean Abyss ya mu 2012, yokonzedwa ndi Volko Ruhnke amene ankagwira ntchito ku CIA. Mmenemo boma la Colombia, zigawenga za FARC, gulu la zida la AUC ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo aliyense ali ndi njira yake yopambanira, ndipo mgwirizano wa pakamwa umasweka mukuyang'anana. Fire in the Lake ya mu 2014, ya nkhondo ya Vietnam, ndi yolemera, isakhale yoyambira. Iliponso Angola, yotuluka koyamba mu 1988, yonena za nkhondo yapachiweniweni imene inabuka mu 1975.

Wofuna kudziwa ngati mzinga wakutiwakuti ungamize sitima yakutiyakuti apite ku kompyuta, pa Command: Modern Operations ya mu 2019. Mabokosi a pa tebulo ndi okwera mtengo ndipo kuitanitsa kunja kumawonjezera, koma Twilight Struggle imapezekanso pa foni ndi pa kompyuta, kotero munthu angathe kuyesa malamulo ake asanawononge ndalama.