Mankhwala a Zaka Zambiri: Phunziro Lochokera ku Karonga

Lero tipita kumpoto, ku Chilumba m'boma la Karonga, kukafuna yankho la funso limene limasoŵetsa tulo mabanja ambiri. Kodi munthu akamwa mankhwala opha tizilombo kwa miyezi kapena zaka, mankhwalawo sangamuwonongere mitsempha ndi kumlanda mphatso ya ana?

Kale boma la Karonga linali ndi odwala khate ochuluka. Kachilombo ka khate kamaloŵerera mitsempha imene imathandiza munthu kumva kukhudza ndi kutentha, ndipo wodwalayo amachita dzanzi, nkumapsa pamoto osazindikira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mankhwala odalirika anali amodzi okha, dapsone, kambulu koyera kamene ena anamwa zaka khumi, ena moyo wawo wonse. Dapsone amachepetsa magazi, ndipo mwa apo ndi apo amafooketsa manja ndi miyendo, makamaka akachuluka muyezo. Choncho dzanja likayamba kulefuka, wodwala ankakayikira mankhwala, pamene kaŵirikaŵiri wolakwa anali khate lomwelo.

M'chaka cha 1979 bungwe la LEPRA linayambitsa kafukufuku ku Chilumba, motsogozedwa ndi Dr Jörg Pönnighaus pamodzi ndi Paul Fine wa ku London. Antchito ake anayenda mudzi ndi mudzi, nayeza anthu oposa 100,000, kuti khate lipezeke lisanalumaze munthu. Mu 1981 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti dapsone aphatikizidwe ndi rifampicin ndi clofazimine, ndipo dziko la Malaŵi linatsata njirayi mu 1983. Mankhwala a moyo wonse anasanduka a miyezi 6 kapena zaka 2, ndipo pambuyo pake zaka ziŵirizo zinatsikira pa chaka chimodzi. Pofika 1994 khate linali litachepa kwambiri m'dziko muno.

Khate likuchepa, chifuwa chachikulu chinakwera chifukwa cha kachilombo ka HIV, ndipo ofufuza a ku Chilumba anatembenukira ku matendaŵa. Apa ndi pamene mankhwala anali ndi mlandu weniweni. Achikulire akukumbukira jakisoni wa streptomycin, wobayidwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi iŵiri. Jakisoniyu amawononga mtsempha wa khutu: munthu amamva chizungulire ndi kulira m'makutu, ena nkugontha osachiranso, ndipo ngakhale mwana wa m'mimba angakhudzidwe. Isoniazid amachititsa mapazi kuwotcha ndi kubaya ngati singano, makamaka kwa anthu opereŵera zakudya, omwa moŵa kwambiri, odwala shuga ndi amene ali ndi HIV. Mwayi wake, vutoli limapeŵeka ndi vitamini B6, wotchedwanso pyridoxine. Ethambutol angakhudze mtsempha wa diso, munthu nkumaona mwachimbuuzi kapena kusokoneza chofiira ndi chobiriŵira. Lero wodwala chifuwa chachikulu koyamba amamwa mibulu kwa miyezi 6 popanda jakisoni uja.

Nanga za kubereka? Khate la mtundu woopsa likakhalitsa limawononga ziŵalo zopanga mbewu ya abambo. Chifuwa chachikulu chikafika m'chiberekero chimatseka njira ya dzira, monganso chimachitira chinzonono chosachizidwa. Motero amene analanda ana mabanja ambiri anali matenda ochedwa kuchizidwa, koma zala zinaloza mankhwala, ndipo nthaŵi zambiri mayi ndiye anasenza chitonzo yekha.

Sitikunena kuti mankhwala onse ndi osalakwa pankhaniyi. Mu 1979 madokotala analengeza kuti sulfasalazine, mankhwala a zilonda za m'matumbo, amachepetsa mbewu ya abambo, koma mbewuyo imabwerera pakapita miyezi iŵiri kapena itatu munthu atasiya kumwa. Rifampicin amachita zosiyana ndi zimene anthu amaopa: amafooketsa mapiritsi olerera ndi njira yapamkono, kotero kuti mayi angaime asakuyembekezera. Kufiira kwa mkodzo kumene mankhwalaŵa amabweretsa si magazi, ndipo sikuvulaza.

Tsono, omvera, phunziro la ku Karonga ndi ili. Wosiya mankhwala mwakachetechete amapatsa tizilombo mpata wozoloŵera mankhwalawo, monga zinachitikira ndi dapsone, ndipo matenda amabwerera ndi ukali. Wopirira dzanzi mwakachetechete nayenso angalumale. Mukamva mapazi akuwotcha, makutu akulira, kapena maso akuchita mdima, pitani msanga kuchipatala mukanene, pakuti mtsempha umapulumuka vuto likadziŵika msanga. Ngati muli ndi pathupi, mukufuna mwana, kapena muli pa njira yolerera, uzani adokotala musanayambe kumwa, ndipo bambo ndi mayi apitire limodzi. Akulu anati safunsa anadya phula.