Ng'amba Ikapeza Chimanga Chikumasula

Pamisonkhano ya za kusintha kwa nyengo pamamveka kwambiri mawu atatu: chilala, namondwe ndi kusefukira kwa madzi. Ndi mawu olemera ndipo ndi amene amakopa thandizo, koma nkhani ikakhala ya ulimi, mawu oyenera kutsogola ndi ng'amba. Chilala ndi kuperewera kwa mvula ya dzinja lonse. Ng'amba ndi kudula kwa mvula pakati pa dzinja, masabata awiri kapena atatu, kenako n'kudzayambiranso kugwa ngati sipanachitike kanthu. A zanyengo akamawonkhetsa mamilimita mu Epulo chakacho chimatha kuoneka chabwino, pomwe nkhokwe ili pululu. N'chifukwa chake alangizi a zaulimi amasiyanitsa kuchuluka kwa mvula ndi kagwedwe kake, ndipo pa ziwirizi chimene chimadzaza nkhokwe ndi kagwedwe.

Chimanga sichimva ludzu mofanana pa msinkhu uliwonse. Chikadali chofika m'mawondo chimapirira: masamba amapiringizika ngati anyezi masana, koma mvula ikabwera chimatsitsimuka. Chikayamba kumasula ndi kutulutsa ndevu, masiku ochepa a dzuwa loswa mtengo amakwanira kuumitsa mungu ndi kuchedwetsa ndevu, ndipo chisononkho chimadzatuluka cha njere zapatalipatali. Mvula yogwa pambuyo pake imangobiriwitsa mapesi. Izi ndi zimene zinachitika mu 2024, chaka cha El Niño, pamene mvula inadula kwa masabata angapo mu Januwale ndi Febuluwale, mpaka Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza mu Malichi kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Chaka cham'mbuyo mwake namondwe Freddy anapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 kummwera, napolo n'kugumula mapiri ku Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Zaka ziwirizi zimaoneka zosiyana, koma kwa nthaka vuto ndi lomwelo: mvula ikatsika yambiri nthawi imodzi imathamangira kumtsinje itanyamula chonde, osalowa pansi, ndipo ikadula mizu imapeza pouma.

Wina angati ng'amba si yachilendo. Kunali njala ya 1949, kunali chilala cha 1992, ndipo napolo anagwa ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. N'zoona, ndipo amene amaloza kusintha kwa nyengo pa vuto lililonse la m'munda amapeputsa nkhani yake yomwe. Komabe pali chimene chasuntha. Kuyambira 1960 mpaka 2006 Malawi anatentherapo ndi madigiri pafupifupi 0.9, ndipo mpweya wotentha umayamwa chinyontho m'nthaka ndi m'masamba msanga. Ng'amba ya masiku khumi lero imapweteka kuposa ya masiku khumi omwewo m'nthawi ya agogo, makamaka pa nthaka imene yalimidwa chimanga chaka ndi chaka osagonekedwa. Chiwerengo cha miyezi chimene alimi ankadalira nachonso chasokonekera. Chizimalupsa, mvula ya mu Okutobala yozima phulusa la moto wa tchire, inali chenjezo lakuti mizere ithe. Mvula yobzalira inkatsatira. Tsopano mlimi amabzala ndi mvula yoyamba, mbewu n'kumera, dzuwa n'kuziwotcha, ndipo yopakizira kapena yobzalanso kachiwiri agule ndi ndalama ya ganyu.

Ng'amba ikakhala muyeso, njira zambiri zimene alangizi amaphunzitsa zimaoneka kuti zikuyankha funso limodzi: madzi akhale bwanji m'nthaka kwa masiku ena angapo? Akalozera ndi mizere yotsata kupingasa kwa chitunda, nthawi zambiri yolimbitsidwa ndi udzu wa vetiva, kuti madzi asatsetsereke. Ngonyeka ndi timizere totseka khwawa la pakati pa mizere, kuti mvula idikhe pomwe yagwerapo. Mayenje ndi tizimaenje tothiramo manyowa momwe mbewu zimabzalidwa. Kuphimbira ndi kuyala mapesi kapena udzu pamwamba kuti dzuwa lisafike pa dothi, ndipo kukaphatikizana ndi mtayakhasu, kusagalauza nthaka, komanso kasinthasintha wa mbewu, ndiye ulimi wa mleranthaka. Msangu umathothola masamba m'dzinja, motero umadyetsa nthaka popanda kuphimba chimanga. Mbewu zocha msanga, monga chimanga cha Kanyani, njira yake ndi ina: zimathawa ng'amba m'malo moipirira. Kasakaniza wa chimanga ndi nandolo, pamodzi ndi chinangwa, mbatata ndi mapira, amagawa tsoka kuti lisagwere mbewu imodzi.

Alimi amene amakana zina mwa njirazi si mbuli, ndipo zifukwa zawo n'zomveka. Mapesi ophimbirira ndi omwewo amene mbuzi ndi ng'ombe zimadya m'chilimwe, ndi omwewo amene amayi amasonkhezera moto nkhuni zikasowa. Osaka mbewa amayatsa munda wa mwini wake usiku umodzi. Ena amadandaula za chiswe, ndipo khasu likatayidwa udzu umakula, ndiye pafunika mankhwala ogula. Kukumba mayenje mu Seputembala, dothi lili gwa, n'kothyola msana. Chimanga chambiri cha haibulidi chimaphwanyika pokonola ndipo anankafumbwe sachichedwera, pomwe chamakolo chimasungika. Ngonyeka yemweyo, chaka cha mvula yambiri pa dothi la makande, amamiza mizu ngati sagumulidwa. N'chifukwa chake mleranthaka nthawi zambiri umatha bungwe lobweretsa ntchitoyo likapakira. Koma madandaulowa akutsutsa chizolowezi chopereka njira zonse ngati mtolo umodzi woti mlimi asenze wonse kapena ausiye. Sakutsutsa mfundo ya chinyontho. Mlimi wa ku Balaka amene sangaphimbire munda wonse angathe kumanga ngonyeka ndi khasu lake lomwelo popanda kutulutsa tambala, n'kuphimbira kachigawo kapafupi ndi nyumba komwe moto sufika.

Chovuta chachikulu chili pa kumene ndalama za boma zimapita. Kuyambira 2005, pamene Bingu wa Mutharika anayambitsa makuponi, mpaka pulogalamu ya AIP ya 2020, gawo lalikulu la ndalama za ulimi lakhala likupita ku feteleza wotsika mtengo. Nthaka yathu ndi yoguga ndipo feteleza akufunika, koma yureya wothiridwa pa dothi louma sasungunuka kufika ku mizu, ndipo chimanga chikapsa ndevu thumba lonse lapita pachabe. Ena amati yankho ndi mthirira, n'kuloza ngalande yaikulu imene ikumangidwa ku Chikwawa ndi Nsanje. Ntchitoyo ndi yofunika, monganso madimba a m'madambo, koma alimi ambiri ali kumtunda kumene ngalande sidzafika, ndipo mitsinje yothiririra nayonso imadalira madzi amene analowa pansi m'dzinja. Boma ndi mabungwe akamawerengera zimene achita pa ulimi, asamangotchula matumba amene agawidwa. Atiuzenso kuti ndi minda ingati imene ili ndi akalozera ndi ngonyeka, ndiponso kuti mlangizi mmodzi akuyendera mabanja angati.