Kabuleta: Mbiri Yake ndi Kasankhidwe Kake pa Galimoto Yakale

Nkhani yathu lero ndi ya kachipangizo kamene mungakanyamule m'manja, koma kamene kanalamulira mpweya wa injini ya petulo kwa zaka pafupifupi 100. Amakanika amakatcha kabuleta. Galimoto zatsopano zinakasiya kale, koma aliyense wosunga Morris Minor, Land Rover yakale kapena Volkswagen ya msana wa kamba, tsiku lina adzafunsidwa: kabuleta yatha, tiikepo iti? Yankho labwino lagona m'mbiri.

Petulo sayaka payekha. Kuti apse bwino m'silinda, kilogalamu imodzi ya petulo imafuna mpweya wolemera makilogalamu pafupifupi 14.7. Ntchito ya kabuleta ndiyo kusakaniza ziŵirizi pa muyeso woyenera. Nzeru yake inachokera kwa katswiri wa ku Italy, Giovanni Battista Venturi, amene m'chaka cha 1797 anafotokoza mmene madzi amayendera podutsa pamalo pothina m'chitoliro. Mpweya nawonso ukafika pothina umathamanga, ndipo pothamangapo umayamwa petulo pa kaboo kakang'ono kotchedwa jeti. M'chaka cha 1893, Wilhelm Maybach wa ku Germany anapanga kabuleta yopemerera petulo mwa njira imeneyi, ndipo chaka chomwecho ku Hungary, Donát Bánki ndi János Csonka analembetsa yawo yofanana nayo.

Vuto linatsala ndi lakuti injini siyenda liŵiro limodzi. Ikamalira pang'onopang'ono imakoka mpweya wochepa, ikamathamanga imakoka wochuluka. Mafuko aŵiri a kabuleta anabadwa poyankha vuto limeneli.

Fuko loyamba ndi la ku England. George Herbert Skinner, wa m'banja lopanga ndi kugulitsa nsapato, analembetsa nzeru yake m'chaka cha 1905, ndipo mu 1910 iye ndi abale ake anakhazikitsa kampani ya SU, kutanthauza mgwirizano wa a Skinner. Iwo anati khomo la mpweya lizikula ndi kuchepa lokha. Mkati anaikamo pisitoni imene imakwera injini ikakoka mpweya wambiri, ndipo pokwerapo imazula singano yosongoka m'jeti kuti petulo atuluke wochulukirapo. Pa makabuleta oyambirira, mbali yokweza pisitoniyo inali mvukuto wachikopa, chinthu chosadabwitsa m'banja la osoka nsapato. William Morris anagula kampaniyi mu 1926, ndipo nchifukwa chake SU inafala pa Morris, MG, ndiponso pambuyo pake pa Austin ndi Mini.

SU inaona ndi nkhondo yomwe. Injini za Merlin za ndege za Spitfire ndi Hurricane zinali ndi kabuleta yotereyi, ndipo mu 1940 oyendetsa anapeza kuti akagwetsa mphuno ya ndege mwadzidzidzi, injini inkatsamwa, pamene ndege za Germany, zimene zinkapopera petulo molunjika m'silinda, zinkathaŵa osatsokomola. Mayi wina injiniya, Beatrice Shilling, ndiye anapeza mankhwala: kachitsulo kobooka pakati kochepetsa petulo woloŵa m'kabuleta, kamene kanaikidwa pa ndegezo mu 1941.

Fuko lachiŵiri ndi la khomo losasintha, momwe muli Solex ya ku France, yodziŵika pa Volkswagen ndi Peugeot, Zenith, ndi Weber ya ku Italy. Edoardo Weber anayamba ntchito yake mumzinda wa Bologna mu 1923. Iye sanadalire singano imodzi, koma majeti angapo, ina ya pamene injini ikungolira, ina ya paliŵiro, ndipo yonse yotheka kumasula ndi kusintha. Anatchukanso ndi kabuleta ya mimero iŵiri, imene inapatsa mphamvu galimoto za mpikisano za Alfa Romeo, Maserati ndi Ferrari. Mwini wakeyo anasoŵa mu May 1945, nkhondo itangotha, ndipo sanaonekenso. Kampani yake inagwa m'manja mwa Fiat mu 1952.

Ufumu wa kabuleta unatha chifukwa cha utsi. Kuyambira mu 1993, malamulo a maiko a ku Ulaya anachititsa kuti galimoto zatsopano za petulo zikhale ndi chosefera utsi, ndipo chosefera chimenechi chimafuna muyeso wosaphonya umene kompyuta yokha ingasunge. Komabe kabuleta sinafe. Zipangizo za SU zimapangidwabe ndi kampani ya Burlen ku Salisbury, wa ku England osati dzina lakale la Harare.

Tsono mwini galimoto yakale aphunzirepo chiyani? Choyamba, kukula kwa kabuleta kuyenderane ndi kukula kwa injini. Opanga akalewo sanali kulota. Mini ya 1959, ya injini ya 848 cc, inali ndi SU imodzi ya khomo la inchi imodzi ndi kota. MGB ya 1962, ya 1798 cc, inali ndi ziŵiri za inchi imodzi ndi theka. Jaguar E-Type ya 1961, ya malita 3.8, inali ndi zitatu za mainchi aŵiri. Ambiri amanyengeka poganiza kuti kabuleta yaikulu ndiyo mphamvu. Khomo likakulitsa, mpweya umayenda mwaulesi, sukoka petulo mokwanira, ndipo galimoto imadzandira ponyamuka. Mbuzi simeza dzungu lathunthu chifukwa chakuti ng'ombe yameza.

Chachiŵiri, ganizirani ntchito ya galimotoyo. Yoyendera tsiku ndi tsiku imakondwa ndi SU kapena Solex imene inabadwa nayo, pakuti nzosavuta kukonza ndipo sizimwa kwambiri. Weber ya mtundu wa DCOE njoyenera injini yosulidwira liŵiro, ndipo imafuna makanika wodziŵa majeti ake, apo ayi ndalama zithera m'thanki.

Chachitatu, malo amene mukukhala. Mpweya wa ku Dedza, pamtunda wa mamita oposa 1,500, ngwopepuka kuposa wa ku Nsanje m'chigwa cha Shire. Kabuleta yotcheredwa kuchigwa imachulutsa petulo kumapiri, ndipo yotcheredwa kumapiri imaumira petulo kuchigwa. Petulo akachuluka, utsi umada ndipo amatsuka oilo m'makoma a silinda. Akachepa, injini imatentha mpaka kupsereza mavalavu. Mapulagi ndiwo mboni: akuda ngati mwaye akunena za kuchuluka, otuwa ngati phulusa akunena za kuchepa, ofiirira pang'ono akuti zonse zili bwino.

Pomaliza, musathamangire kutaya yakaleyo. Kaŵirikaŵiri chimene chatha ndi singano, jeti, magasiketi kapena kamtanda ka chitseko cha mpweya, ndipo izi zimasinthika pa mtengo wochepa. Ngakhale mutaikapo ina, yakaleyo muitsuke, muikulunge ndi kuisunga, pakuti galimoto yakale imalemekezeka ikakhala ndi ziŵalo zimene inatuluka nazo kufakitale.